Laputopu ya Mkulu wa Adzukulu

Kokerani benchiyo kuno, pafupi ndi mbaula. Makalawa ndayatsira simbi, koma simbi simva chisanu, ndiye tiothe ndife. Siketi yanu yangotsala mpendero wokha. Mwandifunsa chifukwa chake tepi yakaleyi imakhala pamsomali pamene ine ndimayezera yatsopano. Mwafunsa nokha, ndiye khalani pansi mumve.

Pakhonde pano pa Mitundu ndasokapo zaka makumi awiri ndi zitatu. Sukulu ndinalekera sitandade 2, ndipo miyezo ya anthu sindilemba. Ndikakuyezani lero, mudzabwere patapita zaka zisanu, ndidzakuuzani kuti chiuno chinali 34 ndipo mwawonjezera zingati. Kope langa ndi mutuwu.

Chipinda chakumbuyo kwangachi, mmene muli ogulitsa mbewu masiku ano, munali Elube, mwana wa a Mkwezalamba. Ankakonza makompyuta. Iye ankanditchula kuti aTelala, ine ndinkamutchula kuti Dokotala, chifukwa ntchito yake inali yachipatala ndithu. M'khosi mwake munkalendewera kafulashi kofiira pachingwe cha nsapato. Munthu akabwera ndi kompyuta yodwala, Elube sankathamangira kumasula. Ankayamba wabaya kafulashiko, n'kuyatsa, ndiye mapulogalamu a mmenemo ankaifunsa kompyutayo mafunso. Ina inkayeza kutentha kwa m'kati. Ina inkamvera fani ngati ikuzungulira bwino. Ina inkajambula mabatani onse pasikirini, ukadina batani limodzi, lofanana nalo n'kuwala. Koma imene ndinkaikonda ine inali yofunsa hadi disiki, kaja kosunga zonse zimene munthu walemba. Inkafunsa kuti wagwira ntchito maola angati chibadwire, nanga moyo wako watsala wochuluka bwanji pa 100. Elube ankati munthu akhoza kunama kuti kompyuta yangayi ndi yatsopano, koma disiki sinama.

Linali Lolemba, mwezi wa Juni, chisanu chake chofanana ndi chaleroli. Kunabwera mayi wina atanyamula laputopu m'chitenje ngati khanda. Dzina lake Velina, mphunzitsi wa ku Kasungu, koma kwawo ndi konkuno, kwa Msampha. Nditamva za bambo ake ndinaimitsa makina. Anali mwana wa a Chimphonda, mkulu wa adzukulu, amene tinali titawaika m'manda masabata atatu m'mbuyomo.

A Chimphonda anakumba manda zaka zoposa makumi anayi. Manda a kwa Msampha ndi aakulu, midzi itatu imaika pamodzi, ndipo mitumbira yakale inaphwa kalekale ndi mvula. Amene ankadziwa kuti apa pagona uje, apo pagona uje, anali iwo okha. Velina ataona kuti bambo akukalamba anawagulira laputopu yogwiritsidwapo kale, poti ali mnyamata anakhalako kalaliki pa esiteti ya fodya ndipo kulemba ankatha. Anawapempha kuti alembe manda onse, mmodzimmodzi. Analemba kwa chaka ndi theka, ndi chala chimodzi. Tsiku limene anamwalira, laputopu nayo inaleka kuyaka.

Tsono vuto linali lakuti Loweruka la sabata yomweyo abale anali atakonza zomanga chiliza pamanda a mayi ake a Velina, a Nangondo, amene anamwalira iye ali ndi zaka zisanu. Simenti inali itagulidwa, amisiri atauzidwa, abale a ku Zambia ali kale m'njira. Amalume ake, a Fulakisoni, ankaloza malo ena n'kumalumbira kuti mlongo wawo ali pamenepo. Azakhali ena ankaloza kwina. Inu mukudziwa, kumanga chiliza pa munthu wolakwika si chinthu chimene umagumula mawa n'kunena kuti pepani. Velina anati sadzalola njerwa ngakhale imodzi kuikidwa asanaone zimene bambo ake analemba.

Elube anabaya kafulashi kake. Ine ndinali pakhomo ndi tiyi m'manja, ndipo manambala ndimawadziwa, ndiye ndinaona. Maola anali 3,118. Moyo wa disiki unali 41. Elube anafotokoza kuti disikiyo ili ngati nsalu yofuka: ukaichapa kamodzi mosamala ipirira, ukaichapachapa ing'ambika. Njira inali yokopera zonse pa disiki ina kamodzi kokha, koma yopanda kanthu analibe. Anaitanitsa ku Lilongwe, n'kuti ifika Lachitatu. Anazimitsa laputopuyo, anachotsa batire lake n'kuliika m'dirowa, iyo n'kuiika pashelefu. Velina anapita kumudzi.

Tsiku lomwelo cha m'ma 3 koloko masana tepi yanga inasowa. Telala tepi imakhala m'khosi, koma ndinali nditaiika pamakina kuti ndidye chinangwa. Ndinasanthula zigamba zonse, ndinakutumula mpaka thumba la mabatani, osaipeza. Ndinamunamizira Elube, iye n'kundiuza kuti ukalamba umayamba chonchi. Itakwana 5 koloko ndinaipeza pabenchi yomwe mwakhalapoyi, yotambasuka, kunsonga kwake kuli dothi lofiira lonyowa. Mu Juni, pa Mitundu, dothi lonyowa mungalipeze kuti? Ndinangoipukuta.

Lachiwiri zinabwereza. Nthawi yomweyo, tepi yomweyo. Ndipo panabwera kafungo, kaja kamamveka khasu likangotsegula nthaka yakuya. Sikanali koipa. Kankangobwera n'kupita. Ndinaonanso kuti anyamata a kabaza akamadutsa apa ankakhotetsa njinga pang'ono, ngati akulambalala munthu amene waima m'mbali mwa msewu, pamene panalibe aliyense. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa anafika, anandipatsa moni, kenako anatembenukira kubenchi n'kugwada pang'ono kuti mwaswera bwanji agogo. Atayang'anitsitsa anaseka mwamanyazi, anati maso ake ayamba kumunamiza, anaona ngati pakhala munthu wovala jombo.

Lachitatu m'mawa disiki yatsopano inafika pa minibasi. Elube anabwezera batire, anabaya kafulashi, n'kuyamba kuyezanso monga mwa chizolowezi chake. Ine ndinasuzumira.

"Dokotala, nambala iyo yasintha."

"Iti, aTelala?"

"Ya maola. Lolemba inali 3,118. Apa pali 3,122."

Anandiseka, anati ndizisunga ziuno za azimayi, za makompyuta ndimusiyire. Koma iye ankajambula pafoni zotsatira za kompyuta iliyonse, ndiye anatsegula kuti andichititse manyazi. Anayang'ana foni, anayang'ana sikirini, anayang'ananso foni. Maola anayi anali atawonjezekera pa chinthu chimene chinagona pashelefu chopanda batire. Moyo wa disiki unali utatsika kufika pa 33.

Anati mwina pulogalamuyo yasokonezeka. Anayesa ina ya mtundu womwewo, inanena chimodzimodzi. Anabweretsa laputopu yake, anaiyeza ndi kafulashi komweko, zonse zinali bwino. Kenako anatsegula yoyeza kutentha. Kompyuta imene yangoyatsidwa m'mawa wa chisanu imayenera kuyamba yozizira n'kumatentha pang'onopang'ono. Iyi inali pa 37, ndipo sinkakwera kapena kutsika. Elube anatchinga pamene fani imapumira, inakhalabe 37. Anaitulutsa pakhonde pamphepo, 37. Kenako ananena motsitsa mawu kuti mchemwali wake ndi namwino, ndipo nambala imeneyi amaidziwa. Ndi ya thupi la munthu amene sakudwala.

Pamenepo m'pamene ndinamuuza za tepi.

Velina anafika masana, dzuwa litapendeka. Elube anamuuza zonse mosabisa, ngakhale mawu ankatuluka movutikira, poti anali mwana wa sukulu ndipo zinthu zopanda chifukwa zinkamuchititsa manyazi. Velina sanadabwe kwambiri. Anangofunsa kuti tepi imasowa nthawi yanji. Nditanena kuti kuyambira 3 mpaka 5, anakhala pansi pabenchi. Anati imeneyo ndiyo nthawi imene bambo ake ankalemba tsiku ndi tsiku, akabwera kudimba, batire la sola litadzaza.

Ananenanso china chimene sanatiuze Lolemba. Ulendo womaliza kuwaona ali moyo, a Chimphonda anamuuza kuti atsala ndi chigawo chimodzi chokha, cha manda akale kwambiri, chakumadzulo kwa chulu. Kumeneko n'kumene kunali mkazi wawo. Anasiya chigawocho kuti chikhale chomaliza chifukwa akafikako mtima unkawalemera.

Nthawi inali itayandikira. Elube anati tiyeni tione ndi maso, n'kutsegula pulogalamu ija yojambula mabatani. Tinakhala atatu, manja athu ali pamiyendo. Kunja wailesi ya kugolosale inkaimba, ana a sukulu ankadutsa akukangana za mpira. Itangopitirira 3 koloko, kafungo kaja kanalowa. Pasikirini batani limodzi linawala. Panapita kanthawi. Lina linawala. Pa laputopu penipeni palibe chinkayenda, mabatani ali phee, koma pachithunzipo ankawala limodzilimodzi, mochedwa, monga munthu amene akufunafuna chilembo chilichonse. Kenako batani lofufutira linawala katatu motsatizana.

Velina anaseka, misozi ili mbwembwembwe.

"Ndi iwowo. Akalakwitsa chilembo chimodzi ankafufuta katatu, n'kuwononga ndi zabwino zomwe."

Elube anazimitsa mofulumira, ngati munthu amene watsegula chitseko n'kupeza mkulu akusintha zovala.

Apa ndiye panali pofunika kusankha. Elube ananena zake momveka. Disiki ikutha tsiku ndi tsiku, kaya akuithetsa ndani. Lero ili pa 33. Tikakopera tsopano tipulumutsa ntchito ya chaka ndi theka, manda a midzi itatu. Tikadikira, ikhoza kufa mawa, zonse n'kupita. Ine ndinanena zanga. Ndinati munthu akamasoka sumulanda nsalu pamakina, ngakhale ulusi ukutha. Mukakopera lero mupeza aliyense kupatula amene mukumufuna.

Velina anayang'ana laputopu nthawi yaitali. Anafunsa Elube ngati kukopera kungatheke lero, kenako n'kudzakoperanso Lachisanu. Elube anapukusa mutu, anati kukopera kumatenga maola ambiri disiki ikuzungulira osapuma, ndipo mmene ilili ikhoza kupirira ulendo umodzi wokha.

"Tidikira," anatero Velina. "Akumba manda a anthu ena moyo wawo wonse. Awa okha ndiwo awo."

Atatero anachita chinthu chimene anayenera kuchita asanachoke kumudzi. Anavomera yekha kuti laputopuyo anaitenga m'nyumba mwa malemu mothamanga, katundu asanagawidwe, osauza ngakhale mwini wake. Anagwada pasimenti pamenepo, anaomba m'manja mofatsa katatu, n'kunena kuti, "Bambo, ndi ine Velina. Ndinatenga chinthu chanu osakuuzani, n'chifukwa chake mukuyenda mtunda wonsewu. Pepani. Malizani bwinobwino, sitikusokonezani."

Kuyambira pamenepo tinakonza ngati tikulandira mlendo. Elube sanabwezerenso laputopu pashelefu, anaiika patebulo, yotsegula koma yozimitsa, mpando uli patsogolo pake. Ine ikamakwana 3 ndinkaika tepi pabenchi ndekha, yopindidwa bwino, ndipo makina ndinkaimitsa kuti phokoso lisachuluke. Ndinkasokerera mabatani ndi singano yamanja. Makasitomala a Elube ankauzidwa kuti abwere m'mawa. Mphunzitsi wina anaumirira kuti alowe akasindikize mayeso, koma atafika pakhomo anaima, ananunkhiza, n'kunena kuti abweranso, wakumbukira zina.

Lachinayi m'mawa Elube anayatsa kwa mphindi imodzi yokha. Maola 3,124, moyo 22. Madzulo ake a Fulakisoni anaimbira foni Velina, mawu awo ankamveka mpaka pakhonde. Ankati amisiri akufuna kuyamba kukumba maziko, ndipo iwo sangalamulidwe ndi wailesi ya azungu pa nkhani ya mlongo wawo. Velina anangoti amalume, ndipatseni mpaka mawa dzuwa litalowa, mukapanda kumva kwa ine mumange pamene mukudziwapo. Velina atadula foni, ndinamupatsa malaya a kasitomala kuti azisomola ulusi.

Lachisanu m'mawa maola anali 3,126, moyo 11. Ndipo disiki inali itayamba kakulira kena, tiki, tiki, ngati wotchi ya pamkono. Elube anati kaphokoso kameneko kakayamba, ena samaliza ngakhale tsiku. Anamuyang'ana Velina, funso lili pankhope. Velina anapukusa mutu. Elube anazimitsa.

Masana amenewo sindidzawaiwala, ngakhale palibe chachikulu chinachitika. Tinakhala pakhonde atatu, chitseko chili chotsekedwa pang'ono. Kunali kamphepo ka chiperoni. Tepi inachoka pabenchi nthawi yake, ndipo palibe anaiona ikuchoka ngakhale tonse tinali pomwepo. Velina ankatisimbira za mayi ake, zochepa zimene ankakumbuka: mpango wobiriwira, ndi chala chimodzi chimene chinali chopindika. Elube ankayang'ana foni mphindi iliyonse.

Itangopitirira 4 koloko, kafungo kaja kanatha. Sikanachepe pang'onopang'ono ngati masiku ena, kanangoleka. Mnyamata wa kabaza anadutsa mowongoka, osakhota. Nditayang'ana pabenchi, tepi inali pomwepo, koma ulendo uno yokulungidwa bwinobwino ngati yochokera m'sitolo, yopukutidwa, yopanda dothi.

Ndinati, "Dokotala, kayezeni wodwala wanu."

Anabaya kafulashi. Maola 3,127, ola limodzi lokha. Moyo 6. Anatsegula yoyeza kutentha, inati 19. Velina anaika dzanja pa laputopuyo, inali yozizira ngati mwala wa kumtsinje. Analichotsa pang'onopang'ono n'kuliika pachifuwa.

Elube sanataye nthawi. Analumikiza disiki yatsopano n'kuyamba kukopera. Pasikirini panali kamzere kamene kankadzaza pang'onopang'ono, ndipo ine amene sindidziwa za makompyuta ndinakayang'anitsitsa ngati mphika wa mkaka. Kawiri kanaima. Kawiri Elube anapumira m'mwamba n'kunong'ona kuti pirira, mayi, pirira. Dzuwa linalowa, ogulitsa pamsika anayamba kulongedza, foni ya Velina inalira kanayi iye osayankha. Cha m'ma 7 kamzere kanafika kumapeto. Pasanathe mphindi, disiki yakale inalira tiki kamodzi kokha, n'kukhala chete. Elube anaifunsanso ndi mapulogalamu ake onse, sinayankhenso.

Anatsegula zokoperazo pa laputopu yake. Munali mndandanda wautali, mayina mazanamazana, lililonse ndi malo ake: uje, mapazi khumi kuchokera pamtengo wa mpoza, uje, mapazi atatu kumpoto kwa uje. Velina anatsitsa mpaka kumunsi, ndipo anawerenga mokweza kuti nanenso ndimve. Mizere ya kumapetoko inali yosiyana ndi inzake pa chinthu chimodzi. Yonse yakale anayeza ndi mapazi. Ya chigawo chakumadzulo kwa chulu anayeza ndi matepi. Sindinafunse chifukwa chake, ndipo mpaka lero sindifuna kuchiganizira kwambiri.

Mzere wachiwiri kuchokera kumapeto unali uwu, ndipo ndikuunena monga anauwerengera:

"Nangondo, mkazi wanga. Kuchokera pachulu, matepi asanu ndi awiri kumadzulo, pambali pa chitsa cha muwanga chimene chakwiririka ndi udzu. Osati pamene akunena alamu anga a Fulakisoni. Pamenepo pagona mayi wa ku Mozambiki amene anatifera pamsewu nthawi ya nkhondo, dzina lake sitinalidziwe. Musamusokoneze, alibe womulankhulira."

Velina analeka kuwerenga. Anapatsa Elube kuti amalize, poti maso ake sankaonanso. Elube anawerenga mzere womaliza, mawu ake ali aang'ono ngati a mwana.

"Ine Chimphonda. Kuchokera panjira yolowera, matepi anayi kumanzere. Anyamata anakumba bwino, makona onse ali owongoka."

Loweruka ndinatseka makina n'kupita nawo kwa Msampha, tepi ili m'thumba. Adzukulu anatitsogolera, tinayeza kuchokera pachulu, kasanu ndi kawiri. Mmodzi anapalasa udzu ndi khasu, khasulo linagunda chitsa. A Fulakisoni anavula chipewa, anaima nthawi yaitali, kenako anati muwanga umenewu akuukumbukira, ndi umene anatsamira tsiku la maliro. Chiliza chinamangidwa pamenepo. Njerwa zitatsalako zochepa, Velina anapempha amisiri kuti azungulize pamalo a mayi wa ku Mozambiki uja, ndipo a Fulakisoni ndi amene ananyamula yoyamba.

Elube anasindikiza mndandanda wonse katatu, mudzi uliwonse wake. Patapita chaka anasamukira ku Lilongwe, kumene ali ndi shopu yake. Anandiuza kuti mpaka pano, akamuuza kuti mwini kompyuta anamwalira, asanabaye kafulashi amayamba wagogoda patebulo n'kunena kuti odi. Anzake amamuseka, iye sawafotokozera.

Tepi ija ndinaipachika pamsomali tsiku lomwelo. Sindiyezeranso amoyo, ngakhale ilibe vuto lililonse. Imangokhala pamenepo, pamalo poonekera, kuti wina akaifuna asavutike kufunafuna.

Nayi siketi yanu, mpendero watha. Mukafika kwanu, ngati kuli mkulu amene amadziwa yekha kumene anthu anu anagona, mukamusimbireko nkhaniyi mofatsa, akadali ndi mapazi oyezera.